Ola losowa ku Ulaya limatipeza ku Domasi

Awerengi anzanga okonda mpira wa ku England, kodi mudayamba mwadzifunsapo chifukwa chomwe masewero a Loweruka amayambira 4 koloko madzulo mu Ogasiti ndi Sepitembala, koma Novembala akangolowa masewero omwewo n'kumayamba 5 koloko? Anyamata oonetsa mpira pa Songani ndi pano pa Domasi amangofufuta choko pabolodi n'kulemba nthawi ina, oonera n'kumati eni ligi asintha pologalamu. Ayi ndithu, sasintha kanthu. Kwawoko mpira umenewu umayamba 3 koloko nyengo zonse. Chomwe chimasuntha ndi wotchi yawo.

Kawiri pachaka, anthu a ku Ulaya, ku America ndi maiko ena angapo amakankha mivi ya wotchi ndi ola limodzi. Lamulungu lomaliza la Malichi, anthu ali m'tulo, 1 koloko ya ku London imasanduka 2 koloko, ola lathunthu n'kusowa ngati ndalama ya m'thumba lobooka. Lamulungu lomaliza la Okutobala amalibweza ola lija, 2 koloko imabwerera pa 1 koloko, ndipo usiku umenewo umatalika. Pachingerezi amati daylight saving time, ena amati summer time, ndipo cholinga chake akuti n'kusamala kuwala kwa dzuwa kuti kusapite pachabe.

Ife kuno sitichita nawo zimenezi, ndipo ndinene mosapsatira kuti tisadzayerekeze n'komwe. Komabe ola losowalo limatipeza. Limampeza wophunzira amene akudikira intavyu ya sikolashipu pa intaneti, limampeza wamalonda amene akudikira foni ya m'bale wake wa ku Dublin, limampezanso mayi amene mwana wake akugwira ntchito m'minda ya ku Israel. Ndiye tiyeni tiimvetse nkhaniyi.

Adaganiza chiyani anthu amenewa?

Tiyambire kwathu kuno. Chigwa cha Domasi, chomwe chili pakati pa phiri la Zomba ndi la Malosa, chili pa madigiri 15 kummwera kwa mzere wogawa dziko lapansi pakati. Kumapeto kwa Juni, pamene usana umafupika kwambiri, dzuwa limatuluka itangopitirira 6 koloko n'kukalowa cha m'ma 5:15 madzulo, maola 11 ndi mphindi zochepa. Kumapeto kwa Disembala usana umafika maola 13. Kusiyana kwake sikukwana ndi maola awiri omwe. N'chifukwa chake makolo athu sadagawe chaka poona kutalika kwa usana. Adachigawa poona mvula, kuzizira ndi kutentha: dzinja, masika, chisanu ndi chilimwe.

Ku London n'kwina. Mzindawu uli pa madigiri 51 kumpoto. Mu Juni usana umapitirira maola 16 ndi theka, pamene mu Disembala sukwana maola 8, moti 4 koloko madzulo dzuwa limakhala litalowa kale. Akadapanda kusuntha wotchi, mu Juni dzuwa likadawatulukira 4 koloko ya m'mawa isanakwane, aliyense adakali mkonono. Akakankha wotchi ndi ola limodzi, munthu amadzuka 7 koloko monga mwa masiku onse, koma kwenikweni wadzuka 6 koloko, ndipo madzulo dzuwa limakalowa 9 koloko itapitirira. Kuwala komwe kukadatha iye ali m'bulangete amakakupeza madzulo ataweruka. Palibe ola lomwe lawonjezeka pa tsiku. Ndi boma lomwe ladzutsa dziko lonse msanga, popanda kugogoda pakhomo pa munthu.

Woyamba kuseka ulesi wa m'mawawu adali Benjamin Franklin wa ku America, yemwe mu 1784 ali ku Paris adalemba kalata yanthabwala kuti anthu azidzutsidwa ndi mabelu ndi mizinga kuti asamawononge makandulo usiku. Za kusuntha wotchi sadanenepo. Maganizo amenewo adabwera mu 1895 ndi George Hudson wa ku New Zealand, wogwira ntchito kupositi, yemwe ankafuna nthawi yokwanira yosakira tizilombo ta maphunziro ake akaweruka. Mu 1907 mmisiri womanga nyumba wa ku London, William Willett, adasindikiza kabuku kodandaula za kuwala komwe anthu ankataya. Iye ankakwera hatchi m'mawa n'kumaona makatani a anzake ali chitsekere dzuwa lili pamwamba. Adalimbana ndi aphungu a nyumba ya malamulo zaka zingapo, koma adamwalira mu 1915 asanamumvere.

Chomwe Willett adalephera ndi pakamwa, nkhondo idachita ndi mantha. Pa 30 Epulo 1916 dziko la Germany lidasuntha mawotchi ake pofuna kusunga malasha a nkhondo, ndipo pa 21 Meyi chaka chomwecho Britain idatsatira. Imeneyi ndi nkhondo yomwe ija agogo athu adasenzera katundu wa asilikali pa mtengatenga, yomwe chipilala cha asilikali a KAR chimakumbutsa mumzinda wa Zomba. America idalowa nawo mu 1918, koma chaka chotsatira lamulolo lidafufutidwa, ndipo otsogolera kudandaula adali alimi. Madandaulo awo mlimi aliyense wa kuno angawamve bwino: ng'ombe siidziwa wotchi, ndipo mame a m'munda sauma msanga chifukwa choti boma lalamula. Mavuto a mafuta a m'ma 1970 ndiwo adaukitsanso mchitidwewu m'maiko ambiri a ku Ulaya, ndipo kuyambira mu 1996 maiko a mu European Union amasuntha mawotchi awo tsiku limodzi.

Wophunzira, gwira izi

Nthawi ya Malawi ndi GMT kuphatikiza maola awiri, chaka chonse. GMT ndi nthawi ya pa Greenwich ku London, ndipo iyoyo siisuntha. Vuto ndi lakuti anthu a ku London eni ake satsata GMT chaka chonse. Kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala amatsata BST, yomwe ili patsogolo ndi ola limodzi. Choncho m'miyezi imeneyi ife timatsogola ndi ola limodzi lokha, pamene kuyambira Novembala mpaka Malichi timatsogola ndi maola awiri. Ku Ireland ndi ku Portugal n'chimodzimodzi.

Taganizani mtsikana wophunzira za uphunzitsi amene walandira kalata mu Febuluwale yomuuza kuti intavyu yake idzachitika pa intaneti sabata yoyamba ya Epulo, 10 koloko m'mawa nthawi ya ku London. Iye amadziwa kuti London ndi maola awiri, poti ndi mmene zidaliri tsiku lomwe adalandira kalatayo. Wagula bandulo, watchaja foni, wabwereka jekete, wakhala pansi 12 koloko. Koma azungu aja adamudikira 11 koloko, ndipo pofika 12 koloko akucheza ndi wina wa ku Ghana kapena ku Kenya. Kulakwitsa kwa mu Novembala bola, munthu umangofika msanga n'kuwononga bandulo. Kwa mu Epulo kumadya mwayi womwe waukonzekera chaka chonse.

Ku Germany, France, Italy ndi Spain, miyezi yawo yozizira timatsogola ndi ola limodzi, koma kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala wotchi yawo ndi yathu zimafanana ndendende. Ndiye chifukwa chake mpira wa usiku wa Champions League umayamba 9 koloko mu Sepitembala koma 10 koloko mu Disembala, n'kukatha pakati pa usiku, minibasi zitasiya kale kuyenda. Ku New York ndi ku Washington timatsogola ndi maola 7 nyengo yawo yozizira, ndi maola 6 nyengo yotentha. Koma chenjerani, America siisuntha tsiku limodzi ndi Ulaya. Kuyambira mu 2007 iwo amakankha wotchi Lamulungu lachiwiri la Malichi n'kuibweza Lamulungu loyamba la Novembala. Pamakhala masabata awiri kapena atatu mu Malichi, ndi sabata imodzi kumapeto kwa Okutobala, pamene America ndi Ulaya omwe amasokonezana okhaokha. Ku Sydney, poti ali kummwera ngati ife, amachita motembenuza: amakankha mu Okutobala n'kubweza mu Epulo.

Mukaona kalata italemba GMT kapena UTC, onjezani maola awiri basi. Ikalemba BST, onjezani limodzi. Ikangoti nthawi ya ku London, yang'anani mwezi. Ndipo dziwani kuti alipo azungu ambiri amene amalemba GMT mu Julayi akutanthauza wotchi ya pakhoma pawo. Palibe manyazi kubweza kalata n'kufunsa kuti, kodi imeneyi kuno ku Malawi ikhala nthawi yanji? Paja safunsa adadya phula.

Wamalonda, iwenso tamvera

Mwayi wa amalonda ndi wakuti kumene ambiri amapikula katundu sasuntha mawotchi. Johannesburg, Harare, Lusaka, Tete, Beira ndi Nacala ali pa nthawi imodzi ndi ife kuyambira Januwale mpaka Disembala. Dubai ili patsogolo ndi maola awiri, India maola atatu ndi theka, Guangzhou maola 6, Japan maola 7, ndipo zimenezi sizisintha. China idayesako kusuntha wotchi kuyambira mu 1986 koma idasiya mu 1991. Japan idayesa itangotha nkhondo yachiwiri n'kusiya patapita zaka zinayi. Chofunika kukumbukira n'chakuti inu mukamatsegula shopu 9 koloko ku Limbe, ku Guangzhou ili 3 koloko masana, ndipo kwa ogulitsa magalimoto ku Japan ili 4 koloko. Mukati mudye kaye nsima ya masana, anzanuwo aweruka. Wochita malonda ndi kum'mawa ayenera kulawirira.

Oyenda ku Dar es Salaam ali ndi mtolo wawo. Mukangowoloka mlatho wa Songwe wotchi imalumpha ola limodzi, chifukwa Tanzania ili pa GMT kuphatikiza maola atatu. Kuwonjezera apo, anzathu olankhula Chiswahili amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka. Kwa iwo 7 koloko ya m'mawa ndi saa moja, ola loyamba, ndipo 10 koloko ndi saa nne. Kondakitala akakuuzani kuti basi inyamuka saa kumi na mbili m'mawa, musamve 12 koloko ayi. Akunena 6 koloko ya kwawo, yomwe pa wotchi yanu ya ku Malawi ndi 5 koloko mbandakucha. Kuwerenga kotere kumatheka chifukwa kufupi ndi mzere wogawa dziko pakati dzuwa limatuluka pafupifupi nthawi yomweyomweyo chaka chonse.

Pali kanthu kenanso kokhudza inu ogulitsa mafoni a kaunjika. Foni yochokera ku Britain nthawi zina imabwera idakali pa nthawi ya ku London. Wogula amangokonza manambala ndi dzanja kuti afanane ndi wailesi, osasintha dera. Imayenda bwinobwino mpaka Lamulungu lomaliza la Malichi, pamene imakumbukira kwawo n'kulumpha ola usiku. Alamu imalira 4 koloko m'malo mwa 5 koloko, ndipo mu Okutobala imachita motembenuza, munthu n'kuchedwa kuntchito. Mwini wake amabwera kudzakalipa kuti mwamugulitsa foni yakufa, chonsecho foniyo ili bwinobwino. Musanaipereke m'manja mwa kasitomala, ikani dera la Blantyre, Harare kapena Maputo, kapena muilole izitenga nthawi ku netiweki.

Achibale a achinyamata omwe adayamba kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel kumapeto kwa 2023 nawonso adziwe kuti dzikolo limafanana nafe wotchi m'miyezi yozizira ya kumeneko, koma kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala limatsogola ndi ola limodzi. Mwana akasintha nthawi yoimbira foni, musayambe kumuganizira zoipa.

Kodi phindu lake lilipo?

Apa ndi pomwe nkhaniyi imakoma, chifukwa eni ake omwe akukangana. Cholinga choyamba chidali kusunga malasha ndi magetsi, koma umboni wake ndi wowonda. Unduna wa zamphamvu ku America udapeza mu 2008 kuti masabata omwe adawonjezera adapulumutsa pafupifupi theka la gawo limodzi mwa magawo 100 a magetsi a tsiku lililonse. Ku Indiana, komwe madera ambiri adayamba kusuntha wotchi mu 2006, akatswiri a zachuma Matthew Kotchen ndi Laura Grant adapeza kuti magetsi a m'nyumba adakwera ndi pafupifupi gawo limodzi mwa 100. Anthu adachepetsa kuyatsa mababu, inde, koma adachulutsa kuyatsa makina oziziritsira ndi otenthetsera m'nyumba.

Thupi nalo limadandaula. Kafukufuku wa pa yunivesite ya Colorado yemwe adatuluka mu 2020 adaonetsa kuti ngozi zapamsewu zopha anthu ku America zimakwera ndi magawo 6 mwa 100 sabata yotsatira kukankha wotchi mu Malichi. Dalaivala wosowa tulo ndi chimodzimodzi kulikonse, kaya ku Denver kaya pa Zalewa.

Mu 2018 European Union idafunsa anthu ake, ndipo mwa anthu 4.6 miliyoni omwe adayankha, 84 mwa 100 aliwonse adati zosuntha wotchi zithe. Nyumba yawo ya malamulo idavomereza mu Malichi 2019 kuti zidzathe mu 2021. Chaka chimenecho chidafika n'kudutsa mawotchi akusunthabe, chifukwa maiko sadamvane kuti akasiya, aima pa nthawi iti. Walira mvula walira matope: ukasankha madzulo owala, walandiranso m'mawa wamdima. America idalawa zimenezi mu Januwale 1974 pamene idalamula nthawi ya chilimwe chaka chonse. Makolo ataona ana akupita kusukulu mumdima wandiweyani adakwiya, ndipo chaka chisanathe lamulolo lidabwezedwa. Russia idayesa zomwezo mu 2011 n'kubwerera mu 2014. Turkey idasiya kusuntha mu 2016, Brazil mu 2019, ndipo Iran ndi mbali yaikulu ya Mexico mu 2022. Maiko omwe amasunthabe ndi pafupifupi limodzi mwa atatu aliwonse.

Ku Lebanon mu Malichi 2023 kudachitika zoseketsa koma zomvetsa chisoni. Kutatsala masiku ochepa kuti mawotchi asunthe, nduna yaikulu Najib Mikati idalengeza kuti adikire kaye mpaka mu Epulo, kuti Asilamu omwe adali m'mwezi wa Ramadan azimasula msanga pa wotchi. Mpingo waukulu wa Akhristu kumeneko udakana, mawailesi ena ndi sukulu zina zidakananso, ndipo kwa masiku angapo kadziko kakang'ono kameneka kadali ndi nthawi ziwiri, wina akuti ndi 7 koloko mnzake akuti ndi 8 koloko, mumsewu umodzi. Boma lidagonja sabata isanathe.

Kuno ku Africa, South Africa idasunthako wotchi nthawi ya nkhondo yachiwiri, pakati pa 1942 ndi 1944, n'kusiya. Egypt yakhala ikuyamba n'kusiya, ndipo idayambiranso mu 2023 pofuna kusunga magetsi. Morocco mu 2018 idasankha kukhala patsogolo pa GMT ndi ola limodzi, n'kumabweza olalo m'mwezi wa Ramadan wokha. Koma phunziro lathu lenileni lili ku Namibia. Kuyambira mu 1994 dzikolo linkabweza wotchi ndi ola limodzi nyengo yozizira, makamaka pofuna kuti ana asamapite kusukulu mumdima. Chigawo cha Caprivi, chomwe tsopano ndi Zambezi, sichidatsatire, moti dziko limodzi linkakhala ndi nthawi ziwiri. Amalonda nawo ankadandaula kuti akutaya maola ochitira bizinesi ndi South Africa, chifukwa potsegula, popita kunkhomaliro ndi potseka ankasemphana. Mu 2017 nyumba ya malamulo idathetsa zonsezi, ndipo Namibia idakhazikika pa nthawi yomwe tili ifeyi.

Nanga dzuwa lathu lomwe limatha tili chigonere?

Tsono ndisakhale ngati ndikuti kwathu kuno zonse zili bwino. Mu 1884 nthumwi za maiko 25 zidakumana ku Washington n'kugwirizana kuti dziko lonse liziyeza malo kuchokera pa Greenwich. Chaka chomwecho Alexander Hetherwick wa mpingo wa Church of Scotland adatsegula mishoni pano pa Domasi. Kuyambira pamenepo belu la mishoni ndi la sukulu lidayamba kupikisana ndi tambala, nthanda ndi mthunzi wa mtengo, zomwe anthu a m'chigwa chino ankayezera nthawi. Lero chigwa chomwechi chili ndi Domasi College of Education ndi Malawi Institute of Education, komwe silabasi ya sukulu za dziko lino imakonzedwa. Ngati pali malo oyenera kuganizira za belu ndi dzuwa, ndi pano.

Dziko likamazungulira, dzuwa limadutsa madigiri 15 pa ola, kutanthauza digiri imodzi pa mphindi zinayi. Nthawi yomwe timatsata idayezedwa pa mzere wa madigiri 30 kum'mawa, womwe umadutsa m'kati mwa Zambia ndi Zimbabwe. Malawi yense ali kum'mawa kwa mzere umenewu. Mchinji ili pafupi ndi madigiri 33, Domasi yapitirira 35. Ndiye kuti dzuwa limafika kuno mphindi zoposa 20 wotchi isanaliyembekezere. Limakhala paliwombo cha m'ma 11:40, ndipo kumayambiriro kwa Novembala cha m'ma 11:20. Azungu amakankha wotchi kuti itsogole dzuwa. Yathu imatsalira m'mbuyo mwa dzuwa chaka chonse. Mlamu wanu wa ku Cape Town, yemwe wotchi yake ndi yofanana ndi yanu, akamakuuzani mu Januwale kuti 8 koloko madzulo kudakali kowala, sakunama. Iye ali kumadzulo kwenikweni kwa mzere uja, ife tili kum'mawa.

Zotsatira zake timaziona tsiku ndi tsiku. Mu Novembala dzuwa limatuluka 5 koloko, koma banki ndi maofesi ambiri amatsegula patapita maola awiri ndi theka kapena atatu, kutentha kutayamba kale. Mu Juni munthu akaweruka 5 koloko amangotsala ndi mphindi 15 za dzuwa, ndipo m'chigwa muno mapiri a kumadzulo amalibisa nthawi imeneyo isanakwane. Mayi wogulitsa tomato pamsika amayamba kusonkhanitsa katundu wake pa nthawi yomwe ogula ake akutuluka m'maofesi. Akati adikire, ayatsa kandulo kapena tochi ndipo abwerera kwawo mumdima ndi ndalama kunsonga ya chitenje. Kalembera wa 2018 adapeza kuti nyumba zounikira magetsi zidali pafupifupi 11 mwa 100 zilizonse, ndipo zoposa theka zinkadalira matochi a mabatire. Mwana wa fomu 4, yemwe mayeso ake zaka zambiri amagwa m'nyengo yozizira, amakonzekera pa nthawi yomwe mdima umagwa msanga kuposa miyezi ina yonse.

Wina anena kuti, nanga bwanji osangosamukira pa nthawi ya Tanzania, tipeze ola lina la madzulo? Ine ndikuti ayi. Chakomachakoma pusi adagwa chagada. Tikadatero, mu Juni ndi Julayi dzuwa likadatuluka 7 koloko itapitirira. Mwana wa sitandade 2 woyenda makilomita angapo kuti akafike pa belu la 7:30 akadanyamuka kudakali mdima, chiperoni chili m'mafupa, mwina n'kuwoloka mtsinje. Kuwonjezera apo tikadasemphana ndi Johannesburg, Beira, Nacala ndi Lusaka, komwe katundu wathu wambiri amachokera kapena kudzera. Tikadagula ndi ndalama zathu vuto lomwe Namibia idataya. Zosuntha kawiri pachaka ndiye zachabechabe, poti usana wathu susiyana mokwanira kuti tivutikire.

Chomwe ndikuona ine n'chakuti mankhwala ake tili nawo kale, ndipo akumudzi akhala akumwa kuyambira kale. Mlimi wa mpunga kusikimu ya Domasi mu Okutobala amalowa m'munda kusanache bwino, dzuwa likamafika pamutu iye ali pamthunzi. Mu Juni amayamba mochedwerapo, kudikira kuti mame ndi chisanu zichepe. Wopikula matemba ku Chilwa amayendera nthawi ya asodzi. Kumzikiti, nthawi ya mapemphero a mbandakucha ndi a kulowa kwa dzuwa imasendera pang'onopang'ono sabata ndi sabata, ndipo palibe amene amakhudza mivi ya wotchi ya pakhoma. Onsewa amasuntha ntchito, wotchi n'kuisiya pomwe ili.

Ndife a m'tauni ndi a m'maofesi amene tidatenga ndandanda ya maola yomwe idabwera ndi atsamunda n'kuisandutsa lamulo la Mose. Chingaletse n'chiyani kuti mabanki ndi maofesi otumikira anthu azitsegula 7 koloko kuyambira Okutobala mpaka Febuluwale, wamalonda athane nazo asanatsegule shopu, wantchito aweruke kudakali dzuwa? Chingaletse n'chiyani kuti masukulu ndi makoleji omwe ali ndi laibulale azitsegula chitseko 5:30 m'mawa miyezi yomwe kumacha msanga, ndipo miyezi yozizira azisiya kalasi imodzi yokhala ndi nyali ya sola kuti a mayeso aziwerengeramo madzulo? Zimenezi sizifuna lamulo la ku nyumba ya malamulo kapena ngongole ya kunja. Zimafuna mphunzitsi wamkulu ndi komiti ya makolo, bwana wa nthambi ndi antchito ake, khonsolo ndi komiti ya msika, akhale pansi ndi kalendala.

Pamene akuluakuluwo akuganiza, ife tichite zomwe tingathe. Tengani cholembera muzunguze masiku anayi pa kalendala ya m'shopu kapena kuseri kwa kope: Lamulungu lachiwiri la Malichi ndi loyamba la Novembala a ku America, Lamulungu lomaliza la Malichi ndi lomaliza la Okutobala a ku Ulaya. Mu 2026 masiku amenewa ndi 8 Malichi ndi 1 Novembala, komanso 29 Malichi ndi 25 Okutobala. Chaka chilichonse manambala amasintha koma Malamulungu ake ndi omwewo. Pangano lililonse lomwe mwapanga ndi munthu wa kunja, lomwe tsiku lake ladumpha limodzi mwa masiku amenewa, liwerengeninso kachiwiri musanagule bandulo.